Mphamvu za Spider-Man si zimene zinamusandutsa munthu wamkulu

Akonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa dandaulo la makolo ambiri loti mafilimu a anthu a mphamvu zodabwitsa akusokoneza ana. Dandauloli ndikulimvetsa, pakuti mwezi watha mdzukulu wanga wa zaka 9 anabinya mwendo atadumpha mu mtengo wa mango, ati akutsanzira Spider-Man. Komabe sindikugwirizana ndi amene akufuna kuti anawa tiwaletse kuonera.

Nditamufunsa chimene amamukondera munthuyu, anatchula zokwera makoma ndi zoponya ukonde, koma chiyambi cha nkhaniyo sankachidziwa. Stan Lee ndi Steve Ditko, amene anaipeka ku America mu 1962, anayamba ndi Peter Parker, mwana wamasiye wamanyazi amene anzake a ku sekondale ankamuseka. Mphamvu zinamubwerera tsiku limodzi atalumidwa ndi kangaude, koma mtima wake unakhalabe wachibwana. Anayamba kudyera mphamvuzo podzionetsa pa wailesi yakanema, ndipo mbala ina itamudutsa pafupi wapolisi ali pambuyo pake, iye anangoiyang'ana, ati kugwira mbala si ntchito yake. Patapita masiku ochepa, mbala yomweyo inapha Ben, bambo ake aakulu amene anamulera, amene ana athu amangowatchula kuti ankolo. Kukhwima kwa mnyamatayu kunayambira pa maliro amenewo, atazindikira kuti dzanja limene likanatha kuimitsa mbalayo analipinda yekha.

Tikayerekeza ndi nthano zathu, Kalulu ali ndi nzeru zoposa za Njovu ndi Fisi, koma ine sindinamvepo nthano imene iye anasintha khalidwe. Anakana kukumba nawo chitsime, anapusitsa alonda ndi uchi, Kamba anamugwira, koma mu nthano yotsatira timamupeza ali tambwali yemwe uja. Timamukonda, inde, koma sakula.

Pempho langa kwa makolo ndi aphunzitsi ndi loti tizikhala nawo pansi anawa akatha kuonera, n'kuwafunsa chimene munthu wamphamvuyo anataya, chimene amaopa, ndiponso kuti ndi ndani akavula chigoba chake. Ine ndinachita zimenezi ndikumuthowa mwendo mdzukulu wangayo. Anandifunsa ngati mphamvu zonse zija zinatha kuwadzutsa a Ben, ndipo nditamuyankha kuti ayi, anakhala duu mpaka madzi anazizira m'beseni.

Gogo wodera nkhawa,
Balaka