Aise, ukandijambulire kandege ka ku Yeovilton

Aise,

Uthenga wako ndaulandira, ndasangalala kuti ntchito ya ku Bristol ikuyenda ndipo kuzizirako wayamba kukuzolowera. Kuno tonse tili bwino, mayi akupereka moni.

Ndili ndi pempho. Yeovilton si kutali ndi komwe uliko, ndipo kumeneko kuli Fleet Air Arm Museum, nyumba yosungiramo ndege zakale za asilikali apanyanja a Britain, mkatimo muli kandege kotchedwa Sea Vampire, ka michira iwiri. Chonde ukapeza mpata upite ukandijambulire. Ukudziwa mmene nkhani za ndege zimandigwirira mtima kuyambira kusukulu kuja. Kandege kameneka ndi komwe payiloti wa ku Britain Eric Brown anatera nako pa sitima ya HMS Ocean mu Disembala 1945, koyamba jeti yeniyeni kutera pa sitima yoyenda panyanja. A ku America anadzachita zawo mu Julayi 1946 ndi jeti ya FH Phantom pa sitima ya USS Franklin D. Roosevelt.

Chimene chimandikhudza ine ndi kuterako. Jeti imabwera ndi liwiro kuposa ndege za mapulopela, bwalo la pasitimalo ndi lalifupi komanso likuvina ndi mafunde, ndiye kumchira kuli ngowe yoti ikole waya, masiku amenewo ukaphonya waya kutsogolo kunali chotchinga ndipo kuseri kwake ankaimikako ndege zina, anzako ali pomwepo. Injini zoyambazo zinali zochedwa kudzuka, payiloti amawonjezera moto koma mphamvu imabwera patapita masekondi, nthawi itatha kale. Mu 1954 mokha asilikali apanyanja a America anataya ndege 776 pangozi, osati pankhondo ayi. Anyamata ambiri anathera pamenepo.

Anayesa zambiri. Pa sitima ya HMS Warrior anayala mphasa ya labala pa mbali ina ya bwalo lotera, Brown yemweyo nkumatera chamimba popanda matayala! Zinatheka ndithu, koma ndege yopanda matayala ungaisunthe bwanji ikatera, nanga kumtunda ikatera pati? Anazisiya.

Nzeru yomwe inapulumutsa anthu inali yapafupi, mpaka umadabwa kuti anachedwa nayo bwanji. Dennis Cambell, msilikali wapanyanja wa ku Britain, anati bwalo loterapo lipendeke pang'ono kumanzere, kuti wophonya waya angowonjezera moto nkuulukanso, kutsogolo kuli nyanja yokha. Sitima ya USS Antietam inayesa zimenezi mu 1953. Panabweranso legeni ya nthunzi yoponyera ndege ponyamuka, ndi galasi lounikira payiloti ngati wakwera kapena watsika kwambiri.

Ngakhale Neil Armstrong, asanapite kumwezi, ankayendetsa jeti ya F9F Panther kuchokera pa sitima ya USS Essex pankhondo ya ku Korea, bwalo likadali lowongoka lija.

Ukakafika ujambule kumchira, ndikufuna ndione ngoweyo bwinobwino. Unditumizire pa WhatsApp.

Ndine mnzako wa kumudzi.