Khofi wa bowa asatisiyitse mankhwala a kuchipatala

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani ya khofi, tiyi ndi makapisozi a bowa wotchedwa ganoderma, zomwe masiku ano zikugulitsidwa m'maofesi, m'mipingo ndi pa WhatsApp, ogulitsa akulonjeza kuti zimachiza matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi ngakhalenso khansa.

Mayi anga aang'ono anamwa mankhwala a BP kwa zaka zisanu ndi chimodzi ali bwinobwino, kulima ankalima, mpaka tsiku lomwe mnzawo wina anawauza kuti mapiritsi a kuchipatala amangogonetsa matenda pomwe khofi wa bowa amawazula ndi mizu yomwe. Anasiya mapiritsi aja osauza aliyense, n'kumagula khofiyo ndi ndalama za mtedza wawo. Patatha miyezi inayi anagwa pakhomo akusesa, ndipo lero dzanja ndi mwendo wa kumanja sizigwira ntchito.

Kuti m'bowa muli zinthu zothandiza thupi, chimenecho n'choona ndithu, ndipo n'chifukwa chake bodza la ogulitsawa limamveka ngati nzeru. Dziko la Japan linavomereza mu 1977 mankhwala otchedwa PSK, ochokera ku bowa wolimba womera pa mitengo yakufa, ndipo mu 1985 linavomerezanso lentinan, wochokera ku bowa wa shiitake. Onse awiriwa mphamvu yawo ili mu chinthu china cha m'bowa chotchedwa beta-glucan, chomwe chimadzutsa chitetezo cha m'thupi. Koma madokotala a kumeneko ankawapereka kwa wodwala khansa monga chothandizira chabe, pamodzi ndi opaleshoni ndi mankhwala enieni a khansa, ndipo lentinan amachita kubaya, sasungunula m'kapu ayi. Mankhwala otsitsa mafuta m'magazi a gulu la statin nawonso anayambira ku chuku, pomwe katswiri wa ku Japan, Akira Endo, anapeza oyamba m'zaka za m'ma 1970, ndipo amodzi mwa iwo, lovastatin, amapezeka pang'ono mu bowa wa oyisitara yemwe alimi athu ena amalima m'tinyumba ta udzu. Mankhwala onsewa asanafike kwa wodwala anachita kuyengedwa, kuyezedwa mlingo ndi kuyesedwa pa anthu kwa zaka zambiri. Ufa wa m'kapaketi kogulidwa kwa mnzako wa kumpingo sunadutse njira imeneyi, ndipo wogulitsayo sangakuuzeni kuti m'supuni imodzi muli chiyani, chochuluka bwanji.

Za ganoderma weniweniyo, akatswiri a Cochrane, bungwe lounika kafukufuku wa zaumoyo, ataunika mu 2015 kafukufuku wochitika pa anthu a matenda a shuga, sanapeze umboni woti amatsitsa shuga, BP kapena mafuta m'magazi. Bowayu angathenso kuchedwetsa kuundana kwa magazi, choncho amene akumwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, kapena akuyembekezera opaleshoni ayenera kuuza dokotala asanamulawe n'komwe.

Chomwe chimandiwawa kwambiri n'chakuti tikulipira ndalama zambiri pogula bowa wa kunja pomwe wathu tili naye. Mvula ikagwa, kuyambira Disembala mpaka Malichi, amayi amadzaza malichero a utale, ndelema ndi manyame m'mbali mwa misewu. Imeneyi ndi ndiwo yopanda mafuta ambiri, ya mchere wochepa, yoyenera munthu wa shuga kapena wa BP ngati wophika sanathire soda ndi mchere wambiri, ndipo bowa woyanika padzuwa amawonjezera vitamini D. Chofunika n'kugula kwa odziwa kuzula, pakuti bowa wa poizoni angathe kupha banja lonse. Nkhalango za miombo zomwe bowa wambiri amameramo tikuzitentha makala tikuona.

Pempho langa likupita ku bungwe loona za mankhwala la PMRA, kuti aliyense wolengeza kuti katundu wake amachiza shuga kapena khansa aonetse umboni, akalephera aletsedwe. Masukulu athu a ukachenjede, monga LUANAR ndi KUHeS, afufuze zomwe zili mu bowa wathu wa kutchire n'kutiuza m'Chichewa chomveka. Nawo anamwino a kukiliniki ya shuga ndi BP azifunsa wodwala aliyense mofatsa zomwe akumwa kunyumba, chifukwa mayi anga aang'ono akuti anaopa kukalipiridwa, n'chifukwa chake anangosiya kupita kuchipatala.

Wowerenga wanu,
Zomba