Chilonda cha kuphazi sichingapole munthu akuchipondabe

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za zilonda za kuphazi zomwe zikudulitsa miyendo abale athu odwala shuga. Timathamangira bandeji ndi mankhwala, zabwino ndithu, koma chilonda chili pansi pa phazi ndiye munthu akuchiponda tsiku lonse, kumunda, kumsika, kuchigayo, chipola bwanji? Shuga ikaononga mitsempha phazi limachita dzanzi, olo msomali umubaye munthu samva kanthu, amangoyendabe pomwe bala likunka likulowa mkati.

Njira ilipo ndipo si yachilendo. Dr Paul Brand ankaigwiritsa ntchito ku India pa odwala khate, omwenso mapazi awo amachita dzanzi, kenako ku Carville ku America inathandizanso odwala shuga. Amamanga chikhakha chogwira bwinobwino kuyambira kuphazi mpaka m'munsi mwa bondo kuti kulemera kwa thupi kugawikane mwendo onse, chilonda chipume, ndipo amachisintha pafupifupi sabata iliyonse kuti aone bala. Palinso mabuti apulasitiki ovula ndi zothandizira mwendo zogwira pabondo, koma zovulazi anthu akangofika pakhomo amaziponya pansi pa bedi, ati zikulemera, ena manyazi kutchalitchi, basi chilonda sichisintha. Inu osamalira odwala apa ndiye pali ntchito yanu, buti ivalidwe olo popita kubafa.

Koma chonde zisamangidwe mwachisawawa. Ngati magazi sakufika bwino, phazi likuzizira kapena zala zayamba kuda, kapena bala likutuluka mafinya ndi fungo, chikhakha chotseka chikhoza kuonjezera vuto, adokotala ayambe ayeza kaye. Ndipo osuta fodya asiye, fodya amapanikiza mitsempha ya magazi yomwe ikuvutika kale.

Pempho langa likupita ku Unduna wa Zaumoyo. Akatswiri opanga miyendo yoikirira ndi zothandizira mwendo tili nawo ku Queen Elizabeth, ku Kamuzu Central ndi ku Mzuzu, bwanji odwala azitumizidwa kwa iwowa chilonda chikadali chaching'ono m'malo modikira mwendo udulidwe kaye? Ma clinical officer a mafupa m'zipatala za maboma amamanga zikhakha tsiku ndi tsiku, aphunzitsidwenso kamangidwe aka. Ndipo kukiliniki ya shuga asamangoyeza magazi pachala, aliyense azivula nsapato mapazi aonedwe.

Wowerenga wanu,
Zomba