Kalata Yopita ku Salima: Njinga Ija Isabwere ndi Mabuleki Amenewo

Achimwene,

Kalata yanu yafika Lachiwiri, alamu anu ndi amene anabwera nayo pamodzi ndi ufa ndi usipa uja. Za ukwati wa mlongo wanu ndamva, tithokoze Mulungu, tidzakambirana. Koma chandisowetsa tulo ndi mzere wakumapeto uja, woti mu Disembala mukubwera ndi njinga yanu yakuda kuti mudzapalase m'mapiri a kuno kopanda magalimoto. Njinga iti? Imene mumaimitsa ndi chidendene pa Kamuzu Road ija? Khalani pansi ndikuuzeni.

Malo alipo, pamenepo simunaname. Mumzinda wa Johannesburg momwe muno muli kanjira kafumbi kotsata mtsinje wa Braamfontein Spruit, kuchokera ku damu la Emmarentia, kudutsa Delta Park mpaka cha ku Bryanston. Galimoto mumakumana nayo podumpha msewu pokha. Komabe si njira yoyenda nokha. Achifwamba amalanda njinga ndi mafoni m'malo a tchire, choncho anthu amayenda pagulu, Loweruka kapena Lamulungu m'mawa. Madzi a mumtsinjemo musamwe, ndipo mvula ikagwa amasefukira mwadzidzidzi. Kulinso Northern Farm pafupi ndi Diepsloot, ndi Modderfontein, komwe mumalipira pageti n'kutsata njira zoikidwa zizindikiro. Kumeneko n'kophunzirira chabe.

Phiri lenileni ndi Suikerbosrand, kufupi ndi Heidelberg, kosakwana ola limodzi pagalimoto kuchokera mutauni. Ndi nkhalango yotetezedwa, muli mbidzi, ntchefu, nyumbu ndi anyani. Msewu wake ndi watala, wozungulira pafupifupi makilomita 60, ndipo magalimoto ndi apo ndi apo, oyenda pang'onopang'ono. Pamwamba penipeni ndi mamita 1917. Mukaphatikiza zikweza zonse za msewuwo zimafika cha m'ma mamita 1000. Nthawi zina mbali ya msewu amaitseka, ndiye funsani kaye musanalipire thiransipoti, paja safunsa anadya phula. Mukafuna kutali, kuli Golden Gate ku Free State, kuseri kwa Clarens, m'munsi mwa mapiri a Maloti kumalire ndi Lesotho. Matanthwe ake amafiira dzuwa likamalowa, munthu mpaka kuiwala kutopa. Msewu waukulu wa R712 wodutsa pakati uli ndi magalimoto, koma timisewu tiwiri topatuka, Blesbok ndi Oribi, n'tabata. Pageti aonetseni pasipoti, chifukwa a m'maiko a SADC ali ndi mtengo wawo.

Dziwaninso kuti Johannesburg ali pa mamita pafupifupi 1750, pamwamba kuposa boma la Dedza. Inu a kunyanja mumakhala cha m'ma 500. Masiku atatu kapena anayi oyamba mtima uzigunda ngati ng'oma ya gule pachitunda chaching'onong'ono. Si matenda, ndi mpweya wochepa mphamvu. Musathamangire kuphiri tsiku lotsika basi.

Disembala wanuyo sindikugwirizana naye. Kuyambira Okutobala mpaka Malichi kuno mvula imabwera masana ndi ziphaliwali, nthawi zina ndi matalala, ndipo pamwamba pa Suikerbosrand ndi udzu wokhawokha, chinthu chachitali ndi inuyo ndi chitsulo chanu. Ngati muumirira, yambani geti likangotsegulidwa, pofika 1 koloko mukhale mutatsika. Juni ndi Julayi m'mawa udzu umayera ndi chisanu, zala sizigwira buleki. Bwerani mu Epulo kapena Meyi.

Tsopano mabulekiwo. Achimwene, kukwera phiri sikupha munthu, mukatopa mumatsika n'kumakankha, palibe amene angakusekeni. Choopsa ndi mtsetse. Kumbukirani msewu wa Khwekhwerere potsikira ku Golomoti, ndiye muganize muli pamenepo ndi katundu pakeliyala. Njinga yanuyo ili ndi mabuleki a tizitsulo ndi malimu onyezimira aja. Limu yotero ikanyowa labala limangotsetsereka, mumafinya mpaka handulo koma gudumu likungopita. Kukauma vuto ndi lina: mukagwira buleki osasiya mtsetse wonse, limu imatentha, mpweya wa m'chubu umafufuma, ndipo chubu chitha kuphulika muli paliwiro. Likakhala tayala lakutsogolo, nkhani yatha pomwepo. Kagwiridwe kake ndi kofinya mwamphamvu masekondi atatu kapena anayi, n'kusiya, n'kufinyanso. Liwiro muzichepetsa musanafike pokhota, osati muli mkati mokhota. Pamtsetse wautali imani, khudzani limu ndi chala. Ikakuotchani dikirani izizire.

Njinga yoyenera ndi ya mabuleki a disiki, chimbale chakutsogolo cha mamilimita 180 ngati mwasenza katundu. Yang'anani mapadi, tizidutswa tofinya chimbalecho, ndi tochi: nyama yake ikatsala yosakwana milimita imodzi, sinthani, ndipo ena awiri akhale m'thumba. Atsopano sagwira bwino tsiku loyamba. Pezani kamtsetse, thamangani n'kufinya mwamphamvu osaima kwenikweni, kokwana 15 kapena 20, mudzamva ayamba kuluma. Chimbale musachigwire ndi zala za girizi, ndipo pothira oilo patcheni samalani, dontho limodzi pamapadi amangolira osagwira. Mabuleki akakhala oyendera mafuta, a kampani ya Shimano amafuna mafuta otchedwa mineral oil, ambiri a kampani ya SRAM amafuna otchedwa DOT, mukasakaniza timalabala ta mkati timaonongeka. Ndipo njinga iliyonse yachilendo, yesani kaye kuti dzanja liti ndi la buleki yakutsogolo. Zina zimabwera zosemphana ndi zimene tinazolowera.

Mwina mukuti ndakokomeza. Chaka chino chokha gulu lathu la kumudzi lasonkherana kangapo ndalama zotumizira maliro kwathu. Mukudziwa ulendo wake, Beitbridge, Nyamapanda, Tete, Mwanza, mapepala pamalire aliwonse, amayi akudikira pakhonde masiku. Maliro a amalume anu aja sitinakwanitse kubwera, mpaka lero zimandiwawa. Ndiye ine ndidzaime pamaso pa mayi anu n'kunena kuti mwana wawo anapita chifukwa cha labala la buleki? Iyayi. Njingayo isiyeni izinyamula matumba a mpunga, ntchito imeneyo imaidziwa. Kuno zogwiritsidwapo kale ntchito zimapezeka, tidzasankha limodzi.

Magiya mwachidule: giya yaing'ono yakutsogolo ikhale ndi mano ochepa kuposa yaikulu yakumbuyo. Kutsogolo 22 kumbuyo 34 ndi bwino, kapena 30 ndi 46 pa njinga zatsopanozi. Sinthani chitunda chisanakugwireni, chifukwa kusintha mutaponda mwamphamvu ndi kumene kumadula tcheni. Tcheniyo muyeze ndi lula: mfundo 12 zathunthu (yathunthu ndi yamkati ndi yakunja pamodzi) zikhale masentimita 30.5. Zikapitirira ndi milimita imodzi ndi theka, yatha, ikudya mano a magiya. Nyamulani kamfundo kolumikizira, kogwirizana ndi nambala ya magiya anu.

Chondikwiyitsa china ndi minga. Kuno kuli timinga ta pansi amati duwweltjie, timakhala chagada kudikira tayala. Kungotulutsa njinga mumsewu kuti mupumule paudzu, mabowo atatu. Anthu ambiri anasiya machubu, amathira madzi omata m'tayala momwemo, mamililita 90 mpaka 120 pa tayala la mainchesi 29. Madziwo amauma pakapita miyezi itatu kapena inayi. Mukakhalabe pa machubu, tengani awiri, zigamba, guluu wosatsegulapo ndi pampu yoti mwaiyesa kunyumba. Musanaike chubu chatsopano yendetsani chala mkati mwa tayala, munga ukatsalamo mupopanso pakangopita mamita 200. Mukaona timabowo tiwiri toyandikana ngati mano a njoka, si munga umenewo, mpweya unachepa ndipo limu inatsina chubu pamwala.

Madzi malita atatu pa Suikerbosrand, m'njiramo musayembekezere mpopi. Nthochi, mtedza wothira mchere, mbatata yophika, muzidya pang'ono ola lililonse njala isanabwere. Anyani asaone chakudya m'manja. Katundu asapitirire makilogalamu 12, wolemera pansi m'zikwama za m'mbali, osati kumsana. Mabauti a keliyala amamasuka ndi kugwedezeka, muziwakunga m'mawa uliwonse. Chipewa cholimba sitikambirana n'komwe, m'malo olipirawa popanda icho sakulowetsani.

Ngati mwagula ina konko n'kufuna kuikweza basi, chotsani mapedulo ndi sipanala 15, ya kumanzere imamasuka mosemphana ndi inzake. Tembenuzani handulo, masulani kosinthira magiya kakumbuyo n'kukamangirira kufelemu, chifukwa katundu wa anthu akakatsamira kamapindika. Pakati pa mapadi ikanipo kachidutswa ka katoni. Masiku a pasipoti ndi 30 okha, muwerenge bwino.

Pepala latha, ndipo alamu anu akunyamuka m'bandakucha pa Park Station. Mupereke moni kwa mayi ndi kwa abusa. Za tenti ndi zogona ku Glen Reenen, msasa wa ku Golden Gate kuja, ndilemba ulendo wina. Koma buleki yakutsogolo ija, mukafika pokhota pali mchenga, dzanja limenelo lisafinye.