Mliri ndi umodzi koma sutipeza mofanana

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhe anzathu amene amati Covid-19 sinativute kwenikweni ife Amalawi poti maliro ambiri anali ku Ulaya ndi ku America. N'zoona kuti kumeneko anthu anafa ochuluka. Ku Italy okalamba ndi ambiri, ndipo matendawa amapha kwambiri okalamba, pomwe kuno theka la ife ndi ana osakwana zaka 18. Koma kuwerenga maliro okha sikokwanira.

Ku Britain boma litauza anthu kuti akhale pakhomo, linkapatsa amene ntchito zawo zinaima 80 peresenti ya malipiro awo. Kuno kutalengezedwa m'bindikiro wa masiku 21 mu Epulo 2020, mavenda a muno mu Mzuzu anakhamukira mumsewu kukana, ndipo ena ankawanena kuti ndi mbuli. Sunali umbuli umenewo. Mayi wogulitsa usipa ndi tomato ku Zigwagwa amadya za tsiku lomwelo. Mnyamata wa sakaramento (kabaza) akapanda kupalasa njinga, kwawo ku Mchengautuwa moto suyaka. Khoti Lalikulu linachita bwino kuimitsa m'bindikirowo, chifukwa lamulolo linangotengedwa kwa anthu okhala ndi mafiriji odzaza.

Ine ndimaphunzitsa Sitandade 7, ndipo apa m'pamene mtima umandiwawira. Sukulu zinatsekedwa pa 23 Malichi 2020. Ana a m'mayiko olemera anapitiriza maphunziro pa intaneti. Ife tinauzidwa za maphunziro a pa wailesi, koma wailesi imafuna mabatire, ndipo m'nyumba zambiri foni ndi imodzi, bambo amapita nayo kuganyu. Titatsegula patapita miyezi, malo ena m'kalasi mwanga anali opanda eni. Mtsikana wina amene ankaposa onse pa masamu ndinam'peza akugulitsa mandasi, mimba itaoneka kale, ndipo atandiona anabisa nkhope ndi chitenje. Anyamata ena anazolowera ndalama za kudepoti, osabwereranso. Ana amenewa sanalowe m'chiwerengero chimene a unduna wa zaumoyo ankalengeza tsiku lililonse. Onjezani mabanja a ku Mzimba amene amadalira ndalama za ku Joni, zomwe zinaduka ntchito zitaima ku South Africa.

Ndiye matenda eni akewo atafika mwamphamvu mu Januwale 2021, tinaona pamene tili. Nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi. Okisijeni anasowa m'zipatala mpaka anthu wamba n'kumasonkherana ndalama zogulira masilinda. Britain inayamba kubaya katemera mu Disembala 2020. Ife katemera woyamba anatipeza mu Malichi 2021 kudzera ku COVAX, ndondomeko yothandiza mayiko osauka kupeza katemera, madozi 360,000 okha, olemera atasungitsa kale wawo. Pomwepo n'kumvanso kuti pa K6.2 biliyoni ya mliri, ina inathera m'maalawansi. Umphawi uli apo, koma izi tinadzichita tokha.

Amati tizisamba m'manja pafupipafupi. Kumene madzi amagulidwa pa chidebe, mayi amayamba waganiza zophikira. Kolera wa 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700, ndi nthenda imene ku London anaithetsa kalekale ndi mipope ndi zimbudzi.

Choncho ndikupempha aphungu athu ndi makhansala a mzinda uno kuti pokambirana bajeti alimbikire madzi a m'mipope ku Masasa ndi ku Chiputula, okisijeni wokwanira m'zipatala za chigawo chakumpoto, ndi thumba lothandizira mavenda tsiku limene msika udzatsekedwenso.

Mphunzitsi wokhudzidwa,
Chibavi, Mzuzu