Chilengezo: Maulendo a pa boti okaona mbalame ndi anamgumi

Mamembala nonse,

Nyengo yotentha yafika ndipo tayamba kulemba mayina a ofuna kupita nawo pakati pa nyanja yamchere. Tizinyamuka m'mamawa n'kubwera madzulo, chifukwa tikulowera kutali, kumene pansi pa nyanja pamatsetsereka mwadzidzidzi. Kumeneko madzi ozizira amakwera kuchokera pansi atanyamula chakudya cha tinsomba, ndipo mbalame ndi anamgumi amatsata tinsombato.

Mukaona mbalame zambiri zikuzungulira malo amodzi, yang'anitsitsani pamadzipo. Kawirikawiri namgumi amakhala pomwepo, ndipo choyamba kuoneka ndi mpweya umene amaufwenthera m'mwamba. Namgumi wa humpback amatalika mamita pafupifupi 15. Akamamira amatukula mchira, ndiye chonde jambulani kunsi kwa mchirawo: mawanga ake ndi osiyana pa namgumi aliyense, ndipo akatswiri amawazindikira ndi zithunzi zotere.

Koma musanyoze mbalame. Ine zimandigwira mtima kuposa anamgumi. Mbalame yotchedwa sooty shearwater imauluka makilomita oposa 60,000 pachaka, ndipo kambalame kotchedwa Wilson's storm petrel kamaswanirana ku Antarctica, kummwera kwenikweni kwa dziko lapansi, koma kamaoloka equator, mzere wogawa dziko lapansi pakati. Zimamwa madzi amchere, mcherewo n'kumautulutsira m'mphuno.

Tengani zoonera patali, chipewa ndi jekete, pakuti pakati pa nyanja pamazizira ngakhale kumtunda kukutentha. Amene mumachita nseru pa boti, imwani mankhwala tisananyamuke, osati mafunde atayamba. Tisataye pulasitiki m'madzi, ndiponso tisakakamize woyendetsa boti kuyandikira anamgumi, makamaka amene ali ndi ana.

Malo ndi ochepa, lembetsani msanga kwa mlembi. Mphepo ikakula, ulendo tidzausinthira tsiku lina.