Ojambula mapiri, siyani penti ya m'nyumba

Akonzi,

Tiloleni tilankhule ndi achinyamata amene amagulitsa zithunzi za mapiri m'misika ya zamanja muno mu Lusaka. Luso alinalo, koma zithunzi zambiri zimang'aluka chaka chisanathe, ndipo mapiri ake amaoneka ngati omata pakhoma.

Vuto limayambira pansalu. Penti ya mafuta ikapakidwa pansalu yosakonza, mafuta amalowa mu ulusi ndi kuufumbwitsa. Kungani nsalu pathabwa, pakani gesso (penti yoyera yokonzera nsalu) kawiri kapena katatu, nthawi iliyonse mudikire iume, kenaka mukwecheko pang'ono ndi sandipepa yosalala. Penti yonyezimira ya zitseko ndi mawindo ndi yotchipa, tikudziwa, koma ikauma imalimba gwa, pomwe nsalu imatamuka ndi chinyezi cha dzinja ndi kukungikanso m'chilimwe. Ming'alu imachokera pamenepo. Ngati ndalama ya penti ya mafuta ya m'machubu palibe, bola acrylic, penti yosungunula ndi madzi.

Pa mafuta, lamulo ndi lakuti penti yoyamba ikhale yopepuka, ya mafuta ochepa. Sungunulani ndi magawo awiri a turpentine (mankhwala osungunulira penti) pa gawo limodzi la mafuta a linseed. Yapamwamba ikhale theka ndi theka. Mukatembenuza, yapamwamba imauma msanga yapansi ikadali yofewa, ndiye imasweka. Vanishi adikire miyezi 6.

Tsono phirilo. Albert Bierstadt, wojambula wobadwira ku Germany koma wokulira ku America, anapita ku Rocky Mountains mu 1859 ndi gulu lofufuza njira lotsogozedwa ndi Frederick Lander. Kumeneko anajambula tizithunzi tating'ono, ndipo chachikulu, Lander's Peak, cha mamita oposa 3 m'mbali, anachimaliza mu 1863. Lero chili ku Metropolitan Museum of Art ku New York. Chiyang'aneni pa intaneti. Kutsogolo kuli msasa wa anthu a mtundu wa Shoshone mumthunzi wakuda, pakati pali mathithi owala, kumbuyo nsonga zotuwa zosungunukira m'mitambo. Phiri analikokomeza ndithu, koma anadziwa kuonetsa chapafupi ndi chakutali.

Aliyense woyenda mu Great East Road kutsikira ku mlatho wa Luangwa amaona zomwezi. Chitunda chapafupi ndi chakuda, miyala ndi mitengo ikuoneka umodziumodzi. Chachiwiri chimayamba kutuwa. Chachitatu ndi cha buluu wotumbuluka, chopanda mtengo wowerengeka. Choncho yambani ndi thambo, kenaka phiri lakutali kwambiri, posakaniza ultramarine (buluu woderako), penti yoyera ndi kadontho ka burnt sienna (penti yofiirira ngati dothi). Phiri lililonse loyandikira muchepetse yoyera, muonjezere yobiriwira ndi yofiirira. Burashi yaing'ono isakhudze phiri lakutali. Penti yakuda ya m'chubu musaiike m'mithunzi, imapha chithunzi.

Chotidandaulitsa china ndi nsonga za chipale chofewa zokopera pa makalendala akunja, pomwe Muchinga, Mafinga ndi mapiri ozungulira Chipata alibe owajambula. Mu Seputembala masamba atsopano a miombo amafiira, mu Okutobala utsi wa moto wakutchire umabisa zitunda. Pitani ndi kabuku, mujambule m'mawa kapena madzulo mithunzi ikatalika, ndipo dzuwa lichokere mbali imodzi pachithunzi chonse. Mukabwerako, kaonetseni akuluakulu a luso ku Henry Tayali Gallery ku Showgrounds.

Kwa ogula: ngati mukupinda nsalu kuti muyende nayo, ikulungeni momasuka, penti ikhale kunja.

Ife aphunzitsi a zojambulajambula,
Kabwata, Lusaka